Bessie Coleman: wotola thonje amene anakatenga laisensi ya ndege ku France

Achinyamata ambiri akamva mawu oti payiloti, chimene chimabwera m'mutu ndi yunifolomu yoyera, magalasi akuda ndi kavidiyo ka pa TikTok kojambulidwa pamwamba pa mitambo. Sindikuwanena ayi, nanenso kavidiyo kotero ndimakaonera mpaka kumapeto. Koma lero ndikufuna tikambirane za munthu amene anaphunzira kuyendetsa ndege pa nthawi imene ndegeyo inali ya matabwa, nsalu ndi mawaya, komanso pa nthawi imene sukulu za m'dziko lake zinkamutsekera zitseko. Dzina lake ndi Bessie Coleman wa ku America, mkazi woyamba wachikuda kukhala ndi laisensi yoyendetsera ndege.

Anthu amakonda kumukumbukira ngati mayi wopanda mantha, ndipo n'zoona anali wolimba mtima. Ine chimene chimandigwira mtima pa mbiri yake ndi china. Mayiyu anakwera m'mwamba chifukwa cha tinthu ting'onoting'ono timene anachita modekha kwa zaka zambiri, ndipo anagwa chifukwa cha kanthu kakang'ono kamene munthu wina anaiwala. Aliyense wolakalaka kudzagwira chiwongolero cha ndege ayenera kumva mbali zonse ziwirizi.

Ubwana wa m'munda wa thonje

Bessie anabadwa pa 26 Januwale 1892 m'katauni kotchedwa Atlanta, m'chigawo cha Texas. Musasokoneze ndi mzinda waukulu wa Atlanta wa ku Georgia uja. Anali wa nambala 10 m'banja la ana 13. Bambo ake, a George, anali ndi magazi achikuda komanso a mitundu ya eni nthaka a ku America. Mayi ake anali a Susan. Ali ndi zaka ziwiri, banjali linasamukira ku Waxahachie, ku Texas komweko, kumene moyo wonse unkazungulira pa thonje. Amene akudziwa moyo wa matenanti a m'maesiteti a fodya sangavutike kumvetsa: munda ndi wa wina, thukuta ndi lako, ndipo pogawana zokolola wotsala manjamanja amadziwika kale.

Sukulu yake inali ya chipinda chimodzi, ya ana achikuda okhaokha, pa mtunda wa makilomita oposa 6, ndipo ankayenda wapansi tsiku ndi tsiku. Nyengo yokolola thonje ikafika, maphunziro ankaima, ana onse kumunda. Ngakhale zinali choncho, ankakonda kuwerenga ndipo masamu ankawakhoza kwambiri.

Mu 1901 bambo ake anachoka kupita ku Oklahoma, poganiza kuti kumeneko tsankho lichepako. Mayi ake anakana kutsatira, anatsala ndi ana n'kuyamba kugwira ntchito m'nyumba ya azungu. Bessie ndi amene ankalera ang'ono ake masana. Atakula anayamba kuchapira anthu zovala, n'kumasunga kangachepe. Ali ndi zaka 18 analowa koleji ya anthu akuda ku Langston, Oklahoma, imene lero ndi Langston University. Anangophunzira teremu imodzi, fizi inatha, anabwerera kwawo. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga izi nkhani imeneyi si yachilendo.

Mu 1915, chaka chimene John Chilembwe anaukira atsamunda kuno kwathu, Bessie ali ndi zaka 23 anapita ku Chicago kukakhala ndi achimwene ake. Anthu akuda ambirimbiri ankathawa kum'mwera kwa dzikolo nthawi imeneyo kukasaka ntchito m'mizinda ya kumpoto. Iye anapeza ntchito yokonza zikhadabo za makasitomala pa malo ometera tsitsi otchedwa White Sox Barber Shop. Mukudziwa kale kuti kometera tsitsi nkhani sizitha. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, asilikali obwera ku Europe ankasimba za ndege zimene anaona kumeneko. Mchimwene wake John, amene anakamenya nawo nkhondo ku France, ankamuseka kuti akazi a ku France ndiye akazi, chifukwa amayendetsa ndege, pamene iye azingopala zikhadabo. Nthabwala imeneyo inamulowa mumtima.

Chitseko chotseka, njira yaitali

Anafunsira malo m'sukulu zophunzitsa ndege za ku America, koma zonse zinamukana. Zifukwa zinali ziwiri: anali mkazi, komanso anali wakuda. Apa ndi pamene ambiri tikanangoti basi, si zathu izi.

Robert S. Abbott, mwini nyuzipepala ya anthu akuda ya Chicago Defender, anamulangiza kuti ayese ku France, kumene akazi anali atayamba kale kupatsidwa malaisensi. Tsono taonani zimene langizo limenelo linkafuna. Chifalansa sankachidziwa, ndiye analembetsa kalasi ya chinenerocho pa sukulu ya Berlitz ku Chicago. Ndalama za zikhadabo sizikanakwana, ndiye anapeza ntchito ina yoyang'anira kamalo kodyera. Ankasunga, osadya zonse. Abbott ndi nyuzipepala yake komanso Jesse Binga, munthu wakuda amene anali ndi banki ku Chicago, anawonjezerapo. Pa 20 Novembala 1920 anakwera sitima ya pamadzi kulowera ku France, ali ndi zaka 28.

Taganizani, asanakhudze ndege ngakhale kamodzi, anali ataphunzira kale chinenero chatsopano, atagwira ntchito ziwiri ndiponso atawoloka nyanja ya Atlantic. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbali imeneyi siijambulika bwino pa foni, koma ndiyo inali theka la ulendo wonse.

Miyezi 7 ku Le Crotoy

Analandiridwa pa sukulu ya Caudron ku Le Crotoy, m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa France. Sukuluyi inali ya anthu awiri apachibale, René ndi Gaston Caudron, opanga ndege otchuka. Gaston anali atamwalira kale mu 1915 poyesa ndege yatsopano, zimene zikukuuzani mtundu wa ntchito imene Bessie ankalowa.

Ndege imene ankaphunzirira inali ya mtundu wa Nieuport, ya mapiko awiri osanjikizana, lina pamwamba lina pansi. Inalibe denga. Mphepo yozizira inkamenya kumaso, pamodzi ndi mafuta a nsatsi amene injini za mtundu umenewo zinkawaza. Phokoso lake silinkalola kuti mphunzitsi ndi wophunzira azilankhulana bwinobwino, choncho zambiri munthu ankaziphunzira pomva mmene ziwongolero zikuyendera m'manja ndi kumapazi. Mabuleki kunalibe. Ikatera, kachitsulo ka kumchira kankakhukhuluza pansi mpaka ndegeyo iime.

Chiwongolero chake sichinali chozungulira ngati cha galimoto. Inali ndodo yoima pakati pa miyendo. Ukaikankhira kutsogolo, mphuno ya ndege imaloza pansi. Ukaikokera kwa iwe, mphuno imadzuka. Ukaipendekera kumanja kapena kumanzere, ndege imapendekeranso komweko. Kumapazi kunali mtanda wopondera umene umagwedeza chipsepse cha kumchira. Kukhota bwino kumafuna dzanja ndi phazi zigwirizane. Mpaka lero ndege zing'onozing'ono zophunzirira zimayendera nzeru yomweyi.

Phunziro lovuta kwambiri ndi ili. Phiko limanyamula ndege pokhapokha mphepo ikuyenda bwino pamwamba pake. Ukadzutsa mphuno mopitirira muyezo, mphepo ija imasokonekera, phiko limasiya kunyamula, ndege imayamba kugwa. Thupi lako lonse limakuuza kuti koka ndodo kuti ukwere, pamene chokupulumutsa ndi kuikankhira kutsogolo, kuloza pansi pomwe ukuopapo, kuti phiko ligwirenso mphepo. Ukachedwa, ndege ikhoza kuyamba kuzungulira ngati nguli ikutsika. Mantha sathandiza pamenepo, kulimba mtima pakokha sikuthandizanso. Chimathandiza ndi kubwereza kambirimbiri mpaka manja azichita okha choyenera.

Ali pa sukulupo, Bessie anaona ndi maso ake wophunzira mnzake akufa pa ngozi ya ndege. Zinamugwedeza, koma anapitiriza. Pa 15 Juni 1921 analandira laisensi ya bungwe la Fédération Aéronautique Internationale. Amelia Earhart, amene dziko lonse limamudziwa, analandira laisensi ya bungwe lomweli mu 1923, patatha zaka ziwiri.

Ndiyerekezeko ndi lero kuti muone kusiyana. Wofuna laisensi yoyamba, imene amaitcha PPL, amaphunzirira tindege monga Cessna 152 kapena 172, tokhala ndi denga, mabuleki ndi wailesi. Ku America lamulo limafuna maola osachepera 40 m'mwamba, ku South Africa ndi ku Europe 45, ngakhale ambiri amapitirira pamenepo asanakonzeke. Uyenera kukhala ndi zaka 17, upimidwe ndi dokotala wovomerezeka, ukhoze mayeso a malamulo a mumlengalenga, zanyengo, kuwerenga mapu ndi kulankhula pa wailesi. Limafika tsiku limene mphunzitsi amatsika n'kukusiya uzungulire bwalo wekha. Ndipo laisensi imeneyi sikulola kuyendetsa ndege kuti ulipidwe. Ya ntchito ndi ina, imafuna maola pafupifupi 200 kapena kuposa. Zipangizo zasintha, koma chikwama chimalirabe chimodzimodzi, chifukwa ola lililonse m'mwamba ndi ndalama.

Laisensi ilipo, ntchito palibe

Anabwerera ku America mu Sepitembala 1921, nyuzipepala za anthu akuda zikumutamanda. Koma pepala silidyedwa. Makampani onyamula anthu pa ndege anali asanakhazikike, ndipo panalibe amene akanalemba ntchito mkazi wakuda. Njira yopezera ndalama inali imodzi: kuyenda m'matauni kuchita zionetsero, kutembenuza ndege m'mwamba, kutsika mothamanga ngati ikugwa, anthu n'kumalipira pakhomo.

Apa anachitanso chinthu chimene ndimachilemekeza. Anadziwa kuti zimene anaphunzira sizikukwanira masewera oopsa otere, ndipo ku America panalibebe wofuna kumuphunzitsa. Mu Febuluwale 1922 anawolokanso nyanja. Anawonjezera maphunziro ku France, anapita ku Netherlands kumene anakumana ndi Anthony Fokker, katswiri wopanga ndege, kenako ku Germany kumene anaphunzira kwa oyendetsa ndege odziwa. Munthu amene anali kale m'nyuzipepala anavomera kukhalanso mwana wa sukulu.

Chionetsero chake choyamba chinachitika pa 3 Sepitembala 1922 pa bwalo la Curtiss Field ku Long Island, pafupi ndi New York, pa mwambo wolemekeza asilikali akuda a gulu la 369th Infantry Regiment. Patatha milungu 6 anakaulukira anthu a ku Chicago. Anayamba kumutcha Queen Bess. Ndege zimene ankagwiritsa ntchito zinali zobwereka.

Cholinga chake sichinathere pa kuwomberedwa m'manja. Ankafuna kutsegula sukulu yophunzitsa anthu akuda kuyendetsa ndege, kuti wina asadzavutikenso kuphunzira Chifalansa ndi kuwoloka nyanja. Ankayenda m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'maholo kulankhula ndi kuonetsa mafilimu a maulendo ake, ndalama zake n'kumasungira sukuluyo.

Ndalama ankazifuna kwambiri, komabe panali zina zimene ankakana. Anapatsidwa mwayi wosewera mufilimu yotchedwa Shadow and Sunshine, koma atamva kuti ayambe kuoneka atavala sanza, ndodo m'manja, kamtolo kumsana, anachoka. Sanafune kuthandiza kujambula munthu wakuda mmene azungu ankafunira kumuonera. Mu 1925, atapita kukachita chionetsero kwawo ku Waxahachie, okonza mwambo anafuna zipata ziwiri, cha azungu ndi cha akuda. Iye anati sauluka. Anagonja, anthu onse analowera chipata chimodzi, ngakhale kuti m'katimo anakhalabe mosiyana. Sanagwetse tsankho lonse tsiku limenelo, koma anasuntha chimene akanatha kusuntha.

Ndege ya munthu wosauka

Tsopano tifike pa mbali yowawa. Ndege imene munthu ngati Bessie akanakwanitsa kugula inali Curtiss JN-4, yodziwika ndi dzina loti Jenny. Zinali ndege zophunzitsira asilikali zimene zinatsala nkhondo itatha, ndipo boma linkazigulitsa motchipa. Zambiri zinali ndi injini ya OX-5, ya mphamvu ya mahatchi 90, yotchuka ndi kuzima pamene sukuyembekezera. Kunena mwachidule, inali kaunjika wa ndege.

Anagula Jenny yake yoyamba ku California. Mu Febuluwale 1923, atangonyamuka kupita ku chionetsero m'dera la Los Angeles, injini inazima ndipo ndege inagwa. Anathyoka mwendo ndi nthiti zitatu, anakhala miyezi m'chipatala, ndege inatheratu. Zinamutengera pafupifupi zaka ziwiri kuti ayambirenso zionetsero mokhazikika. Kenako anakhalako ku Orlando, Florida, kumene anatsegula saluni kuti apeze ndalama zogulira ndege ina.

Mu 1926 anamaliza kulipira Jenny ina imene inali ku Dallas, Texas. Makaniko wake, mnyamata wachizungu wa zaka 24 dzina lake William Wills, ndi amene anaiyendetsa kupita nayo ku Jacksonville, Florida, kumene kunali chionetsero. M'njira anakakamizika kutera katatu chifukwa cha mavuto a ndegeyo. Abale ndi anzake a Bessie anamuchonderera kuti asaikwere.

Pa 30 Epulo 1926, kutatsala tsiku limodzi kuti chionetsero chichitike, awiriwa ananyamuka kukayendera bwalo. Wills ndi amene ankayendetsa. Bessie anakhala mpando wina osamanga lamba, chifukwa mawa lake ankafuna kudumpha ndi parachuti, ndiye ankafunika kusuzumira kunja kuti aone pamene adzatere. Patangotha mphindi pafupifupi 10, ndege inaloza pansi mwadzidzidzi n'kuyamba kuzungulira. Bessie anaponyedwa kunja ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 600 kuchokera pansi, ndipo anafera pomwepo. Wills analephera kuiwongola, anagwa nayo n'kufa, ndegeyo inapsa. Pofufuza m'zotsalira anapeza sipanala imene inatsetsereka n'kukatsekereza ziwongolero. Bessie anali ndi zaka 34.

Sipanala, abale. Mayi amene anagonjetsa umphawi wa ku Waxahachie, tsankho la sukulu za ku America, chinenero chachilendo ndi nyanja, anaphedwa ndi kachitsulo kokwana m'thumba.

N'zosavuta kukhala pa mpando lero n'kumati akanamanga lamba, akanamvera abale ake. N'zoona, lamba akanamusunga mu ndege, ngakhale kuti amene anatsala m'ndegemo anafanso. N'zoonanso kuti ndege yotera katatu m'njira imakhala yakuchenjeza kale. Koma tisaiwale chimene chinamuika mu ndege imeneyo. Ndege ina analibe, ndipo sukulu imene ankailota inkadikira ndalama za chionetsero chimenecho. Wosauka amakwera chimene wapeza, ndipo nthawi zambiri ngozi imayambira pa mtengo wotsika.

Zimene zinasintha pambuyo pake

Pa nthawi ya imfa yake, boma la America linalibe lamulo la dziko lonse loyeza ngati ndege ili yoyenera kuuluka. Lamulo loyamba lotero, Air Commerce Act, linasainidwa pa 20 Meyi 1926, patangotha milungu itatu Bessie atamwalira. Silinabwere chifukwa cha iye, linali kale m'njira, koma likusonyeza dziko limene ankaulukamo.

Mu 1935 ndege yatsopano ya Boeing, Model 299, inagwa ku Ohio chifukwa akatswiri oiyendetsa anaiwala kumasula loko wa ziwongolero. Kuchokera pamenepo kunafala mwambo wa checklist, mndandanda wa zoyenera kuona umene payiloti amawerenga mzere ndi mzere asananyamuke. Lero wophunzira aliyense amayamba wazungulira ndege wapansi. Amaona matayala ndi mapiko, amayeza oyilo, amatapako mafuta pang'ono m'kabotolo kuti aone ngati mulibe madzi. Akalowa amamanga lamba, amaonetsetsa kuti palibe chinthu chongotayika pansi, ndipo amayendetsa ziwongolero mbali zonse mpaka kumapeto kuti atsimikize kuti palibe chikuzigwira. Amakaniko a ndege amawerenga zida zawo akamaliza ntchito. Zimaoneka zotopetsa, eti? Mzere uliwonse pa mndandanda umenewo unalembedwa wina atafa.

Maliro a Bessie ku Chicago anasonkhanitsa anthu pafupifupi 10,000, ndipo Ida B. Wells, mtolankhani womenyera ufulu wa anthu akuda, anali m'gulu la otsogolera mwambowo. Anaikidwa ku Lincoln Cemetery. Sukulu yake sanaione, koma mu 1929 William J. Powell anakhazikitsa Bessie Coleman Aero Club ku Los Angeles, yophunzitsa anthu akuda zandege. Mu 1931 oyendetsa ndege achikuda a ku Chicago anayamba mwambo wouluka pamwamba pa manda ake n'kuponya maluwa. Mu 1992 Mae Jemison, mkazi woyamba wachikuda kupita mumlengalenga kunja kwa dziko, anatenga chithunzi cha Bessie pa ulendo wake. Nkhope yake inaikidwa pa sitampa ya ku America mu 1995, ndipo mu 2023 inaikidwa pa ndalama yachitsulo ya masenti 25. Dziko limene linamukaniza kalasi likumuyendetsa m'matumba.

Kwa iwe amene ukufuna kuuluka

Ngati maloto ako ndi amenewa, mchemwali kapena mchimwene wanga, sindikunamiza kuti khama lokha likwanira. Bessie anali ndi khama, koma analinso ndi Abbott ndi Binga. Maphunziro a ndege ndi okwera mtengo, ndipo kufunafuna okuthandiza ndi gawo la ntchitoyo, si chamanyazi. Chimene anthu aja anaona mwa iye n'choti anali atayamba kale ndi zimene zinali m'manja mwake. Iwenso zilipo zimene sizidikira ndalama: masamu, sayansi, Chingerezi chomveka bwino chifukwa ndicho chinenero cha pa wailesi ya ndege, ndi kusamala thupi lako kuti dokotala asadzakubweze. Foni imene ukuwerengerapo iyi ikhoza kukuphunzitsa mitambo ndi mapu usanaone n'komwe mkati mwa Cessna.

Tsiku limene udzapeze ndalama n'kuyamba kusankha sukulu, usadzathamangire yotchipa kwambiri. Udzafunse ngati ndi yovomerezeka ndi boma la dzikolo, amakonza ndege zawo ndani, ndipo mabuku osonyeza mmene amazikonzera ali kuti. Sukulu yabwino sikwiya ndi mafunso otere. Ndipo m'mawa wina ukadzaona kuti ndege sikumveka bwino, kapena nyengo yakayikitsa, anzako akudikira ndi mafoni m'manja kuti akujambule, udzakhale ndi mphamvu yonena kuti lero sindiuluka. Bessie Coleman anatha kunena mawu amenewo kwa anthu a zipata ziwiri ku Waxahachie. Ku Jacksonville, umphawi sunamupatse mpata woti awanene kwa ndege yake yomwe.